Chifukwa chake fodya amawononga mapapo a ena msanga kuposa a ena

Anthu awiri akhoza kuyamba kusuta chaka chimodzi, n'kumasuta ndudu zofanana tsiku ndi tsiku, koma pofika zaka 55 wina n'kumabanika akangokwera masitepe ochepa, mnzakeyo akuyendabe mtunda wautali wopanda phuma. Madokotala anaona kusiyana kumeneku kalekale, ndipo mbali ina ya yankho lake ili m'majini, malangizo a m'maselo amene munthu amatengera kwa bambo ndi mayi ake. Majini amathandiza kupima kuchuluka kwa zimene ndudu iliyonse iwononge m'thupi la munthu ameneyo. Amachita zimenezi kudzera m'njira zitatu: kukula kwa mapapo paubwana, mphamvu ya mapapo yodziteteza ndi kudzikonza, komanso mmene chikonga chimagwirira ubongo.

Matenda amene tikunena pano ndi amene madokotala amawatchula kuti COPD, otsekereza mpweya m'mapapo ndipo sachizika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anapha anthu 3.23 miliyoni, ndipo anali achitatu pa matenda opha anthu ambiri padziko lonse.

Chimawonongeka n'chiyani m'mapapo

Mpweya umene timakoka umadutsa m'timachubu togawikanagawikana, tomwe timamka tichepa mpaka kukathera m'timatumba ting'onoting'ono tokwana mamiliyoni mazana angapo. M'timatumba timeneti ndi momwe mpweya wabwino umalowera m'magazi. Utsi wa fodya umawononga malo awiri. Timachubu tochepera mamilimita 2 timatupa, kukhuthala, kudzaza makhololo, ndipo tina timatsekekeratu n'kuzimiririka. Makoma a timatumba aja amang'ambika, timatumba tambiri n'kusanduka mphako imodzi yaikulu. Kung'ambika kumeneku ndi kumene kumatchedwa emphysema.

Makomawo ali ndi puloteni yotanuka yotchedwa elastin, imene imachititsa kuti mapapo azibwerera okha munthu akamatulutsa mpweya. Ikawonongeka, mapapo amakhala ngati lasitiki wakale amene ukamukoka sabwereranso. Mpweya wakale umatsalira m'kati, watsopano n'kusowa malo, ndipo n'chifukwa chake wodwala amavutika kwambiri potulutsa mpweya kusiyana ndi poukoka. Thupi la munthu wamkulu silipanganso elastin wokwanira kulowa m'malo mwa wowonongekayo, motero chatayika chatayika.

Matendawa amatsimikizidwa ndi makina otchedwa spirometer. Munthu amakoka mpweya mpaka mapapo kudzaza, kenako amauzira m'chubu ndi mphamvu zake zonse. Makina amayeza mpweya wotuluka m'sekondi yoyamba, womwe umatchedwa FEV1, ndi wonse umene watuluka, womwe ndi FVC. Ngati FEV1 poigawa ndi FVC ikubwera pansi pa 0.70 ngakhale munthu atapopera mankhwala otsegula njira za mpweya, ndiye kuti kutsekeka kulipo. Mwa munthu wabwinobwino FEV1 imafika pachimake ali ndi zaka 20 mpaka 25, ndipo pambuyo pake imatsika pang'onopang'ono, mamililita 20 mpaka 30 pachaka. Mwa wosuta amene fodya akumuwononga msanga imatha kutsika ndi mamililita 60 kapena kuposa.

Umboni woti ndi za kumtundu

Charles Fletcher ndi Richard Peto anatsatira amuna ogwira ntchito pafupifupi 800 mumzinda wa London kwa zaka 8, ndipo mu 1977 anafalitsa zimene anapeza: mwa osuta ena FEV1 inkatsika mothamanga, mwa ena inkatsika pafupifupi ngati ya osasuta. Patapita nthawi kunafala chiwerengero chakuti osuta 15 mpaka 20 okha pa 100 alionse ndi amene amadwala COPD. Chiwerengerochi n'chochepetsa. Kafukufuku wa ku Copenhagen wotsatira anthu kwa zaka 25, amene anatuluka mu 2006, anapeza kuti mwa amene sanasiye kusuta, osachepera 25 pa 100 alionse anadwala, ndipo kafukufuku wina wa kumpoto kwa Sweden anapeza kuti mwa osuta ofika ku ukalamba, odwalawo amayandikira theka. Tisaiwalenso kuti wosuta amene mapapo ake apirira akhoza kuphedwa ndi matenda a mtima kapena khansa chimodzimodzi.

Mu 1998 gulu la Edwin Silverman ku Boston linafufuza mabanja a anthu amene anadwala COPD yoopsa asanakalambe. Makolo, abale ndi ana awo amene ankasuta anali ndi chiopsezo chokwera pafupifupi katatu poyerekeza ndi osuta ena. Achibale osasuta analibe chiopsezo chokwera choterocho. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa zonse: chimene chimayenda m'banja ndi kufooka pamaso pa utsi, ndipo utsiwo ukapanda kufika kufookako kukhoza kukhala chete moyo wonse. Kafukufuku wa mapasa a ku Denmark ndi Sweden anaonetsa kuti majini amafotokoza pafupifupi 60 peresenti ya kusiyana kwa anthu pa COPD yoopsa, pomwe njira zina zowerengera, zoyeza DNA (chinthu chimene majini analembedwamo) ya anthu osakhala pachibale, zimapeza pafupifupi 40 peresenti. Manambalawa amanena za kusiyana pakati pa anthu ambiri. Satanthauza kuti matenda a munthu mmodzi angagawidwe, gawo ili la majini, gawo ilo la fodya.

Jini imodzi imene payokha imatha kugwetsa munthu

Mu 1963, ku Malmö m'dziko la Sweden, Carl-Bertil Laurell ankayang'ana zotsatira za magazi a anthu pafupifupi 1,500, ndipo mwa anthu 5 mzere wa puloteni ina sunkaoneka. Iye ndi Sten Eriksson atafufuza, anapeza kuti atatu mwa anthuwo anali ndi emphysema akadali achinyamata. Puloteniyo ndi alpha-1 antitrypsin, ndipo jini yake imatchedwa SERPINA1, imene ili pa kromozomu 14, umodzi mwa mitolo ya DNA imene imanyamula majini m'maselo.

Kuti ntchito yake imveke, tiyambe ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil. Utsi kapena tizilombo zikalowa m'mapapo, maselowa amathamangirako n'kutulutsa elastase, puloteni yodula imene imapha tizilombo koma imadulanso elastin. Alpha-1 antitrypsin imapangidwa m'chiwindi, n'kuyenda m'magazi mpaka m'mapapo, komwe imagwira elastase ndi kuiphetsa mphamvu isanadye makoma a timatumba. Wosuta aliyense amasokoneza zimenezi pawiri. Utsi umaitana maselo oyera ochuluka, ndiye elastase amachuluka. Utsi womwewo umasinthanso kachigawo ka alpha-1 antitrypsin kotchedwa methionine 358, kamene kali pamalo penipeni pogwirira elastase, moti puloteniyo imafooka. Tsopano taganizani za munthu amene anabadwa ali nayo yochepa kale.

Jiniyi ili ndi mitundu yambiri, koma yofunika kuidziwa ndi itatu: M, yomwe ndi yabwino, kenako S ndi Z. Aliyense amalandira umodzi kwa bambo, wina kwa mayi. Wa MM ali ndi puloteni yokwanira. Wa MZ ali ndi pafupifupi 60 peresenti, wa SZ pafupifupi 40 peresenti, ndipo wa ZZ amangotsala ndi 10 mpaka 15 peresenti. Madokotala amatenga 11 micromol pa lita imodzi ya magazi ngati malire: pansi pamenepo mapapo alibe chitetezo chokwanira.

Vuto la mtundu wa Z n'lochititsa chidwi. Chiwindi chimapanga puloteniyo ndithu, koma kachidutswa kamodzi pamalo a 342 n'kolakwika, moti imapindika molakwika n'kumamatirana ndi inzake m'mizere italiitali m'kati mwa maselo a chiwindi. David Lomas ndi anzake anafotokoza kumamatirana kumeneku mu 1992. Zotsatira zake ndi matenda awiri ochokera pa cholakwika chimodzi: mapapo amavutika chifukwa puloteni siikufika, chiwindi chimavutika chifukwa yaunjikana. Dziko la Sweden litayeza makanda 200,000 pakati pa 1972 ndi 1974, anapezeka a ZZ okwana 127, ndipo pafupifupi khanda limodzi pa 10 alionse a iwo linali ndi chikasu chosatha msanga. Palinso anthu ochepa amene jini yawo siipanga puloteniyi n'komwe. Mapapo awo ali pachiopsezo chachikulu kuposa a ZZ, koma chiwindi chawo sichidwala, popeza mulibe choti chiunjikane.

Wa ZZ akamasuta amatha kuyamba kubanika ali ndi zaka za m'ma 30 kapena 40, pomwe wosuta wamba amayamba atapitirira zaka 50 kapena 60. Emphysema yake nthawi zambiri imakhala kumunsi kwa mapapo, pomwe ya wosuta wamba imakonda kumtunda. Ambiri a ZZ amene sanasutepo amakhala zaka zambiri mapapo awo ali bwino, ena mpaka kukalamba. Kwa nthawi yaitali kunali mtsutso ngati a MZ ali pachiopsezo. Kafukufuku wa m'mabanja ku Ireland, wofalitsidwa mu 2014, anaonetsa kuti a MZ osuta amadwala COPD kuposa abale awo a MM osuta, koma a MZ osasuta sasiyana ndi abale awo. A MZ ndi ochuluka kwambiri kuposa a ZZ, ndipo ambiri sadziwa.

Komabe jini imeneyi imafotokoza odwala COPD 1 kapena 2 okha pa 100 alionse. Mtundu wa Z umapezeka makamaka mwa anthu amene makolo awo akale anachokera kumpoto kwa Ulaya, kumene munthu mmodzi pa 2,000 mpaka 5,000 ndi wa ZZ. Mtundu wa S ndi wofala ku Spain ndi Portugal. Mwa anthu a ku Africa ndi a kum'mawa kwa Asia, Z sapezekapezeka.

Tizosintha ting'onoting'ono mazanamazana

Kwa pafupifupi onse otsalawo, 98 pa 100 aja, palibe jini imodzi yoiloza chala. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza ankasankha jini imene akuiganizira, monga GSTM1 kapena EPHX1 zomwe zimathandiza kusungunula poizoni, n'kuiyeza mwa odwala mazana ochepa. Zotsatira zinkatsutsana, ndipo zambiri zinalephera kubwerezeka poyezanso. Magulu oyezedwawo anali ochepa kwambiri. Masiku ano wina akatchula majini amenewa ngati nkhani yotsimikizika, ndi bwino kukayika.

Zinthu zinasintha pamene kunabwera njira yoyeza malo mamiliyoni a DNA nthawi imodzi mwa anthu zikwizikwi. Mu 2009 kunapezeka malo awiri, pafupi ndi jini ya HHIP pa kromozomu 4 ndi majini a CHRNA3 ndi CHRNA5 pa kromozomu 15. Mu 2010 kunaonjezeka FAM13A. Kafukufuku wa COPDGene ku America, wa osuta pafupifupi 10,000, ndi nkhokwe ya UK Biobank ya anthu pafupifupi 500,000, zinachulukitsa chiwerengerocho: malo 22 mu 2017, malo 82 mu 2019, ndipo mu 2023 zizindikiro za m'DNA zokhudza mphamvu ya mapapo zinadutsa 1,000.

Kalikonse mwa tizosinthati, kutanthauza malo amene DNA imasiyana pang'ono pakati pa anthu, kamakweza chiopsezo pang'ono, nthawi zambiri ndi 10 mpaka 30 peresenti kapena kucheperapo. Phindu lake lenileni ndi loti timaulula mmene matendawa amayambira. HHIP imagwira ntchito pa kagawikane ka timachubu mwana ali m'mimba, ndipo mbewa zimene zatsala ndi kope imodzi ya jiniyi zimadwala emphysema yoipa zikapatsidwa utsi. MMP12 imapanga puloteni ina yodula elastin, yochokera m'maselo oyera a mtundu wina, ndipo kale mu 1997 zinaonetsedwa kuti mbewa zopanda jiniyi sizidwala emphysema ngakhale zitakhala mu utsi miyezi yambiri. Chodabwitsa china n'chakuti pa FAM13A ndi pa jini ina yotchedwa DSP, mtundu umene umakweza chiopsezo cha COPD umatsitsa chiopsezo cha matenda ena oumitsa mapapo ndi zipsera. Zikuoneka kuti mapapo akavulala akhoza kulephera mbali ziwiri, kusadzikonza mokwanira kapena kudzikonza mopitiriza, ndipo majini amatsamiritsa munthu mbali imodzi.

Palinso majini osamalira nsonga za makromozomu, monga TERT. Akawonongeka maselo amakalamba msanga, ndipo izi zinapezeka mwa pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse a emphysema yoopsa yoyamba msanga, makamaka amayi osuta.

Tizosintha tonseti tikaphatikizidwa timapereka nambala imodzi ya chiopsezo. Mu kafukufuku wa mu 2020, anthu a gulu lapamwamba pa magulu 10 anali ndi chiopsezo choyandikira kasanu n'katatu kuposa a gulu lapansi, mwa anthu ochokera ku Ulaya. Mwa anthu a mitundu ina kusiyanako kunali pafupifupi kasanu. Kutsika kumeneku kukuchokera pa mfundo yoti DNA yambiri imene inagwiritsidwa ntchito popanga nambalayi ndi ya azungu, pomwe anthu a ku Africa ndi amene ali ndi DNA yosiyanasiyana kwambiri padziko lonse. Nambalayi siinafike poti dokotala azidalira posamalira wodwala mmodzi.

Chikonga ndi ubongo

Malo a pa kromozomu 15 aja anayambitsa mtsutso, chifukwa CHRNA5 imapanga mbali ya malo amene chikonga chimagwira mu ubongo. Mu 2008 ofufuza a ku Iceland anaonetsa kuti kope iliyonse ya mtundu woopsa wa jini ya pamalowa imaonjezera pafupifupi ndudu imodzi patsiku. Ndudu imodzi ikuoneka ngati kanthu kochepa, koma anthu amenewa amakokanso utsi mozama pa ndudu iliyonse ndipo amachedwa kusiya. Mbali ya ubongo imene imauza munthu kuti chikonga chakwana imagwira mofooka mwa iwo. Choncho jiniyi imawononga mapapo makamaka podzera ku dzanja lonyamula ndudu. Jini ina, CYP2A6, imalamula liwiro limene chiwindi chimasungunulira chikonga. Amene amachisungunula msanga amamva chibaba msanga, amasuta zambiri, ndipo kusiya kumawavuta kuposa amene chikonga chimakhalitsa m'magazi mwawo.

Apa pali phunziro kwa madokotala pa kawerengedwe ka fodya. Mwachizolowezi amati paketi ya ndudu 20 patsiku kwa chaka chathunthu ndi muyezo umodzi, moti wosuta ndudu 10 patsiku kwa zaka 30 ali ndi miyezo 15. Koma anthu awiri a miyezo yofanana akhoza kukhala atakoka utsi wosiyana kwambiri.

Mapapo amene sanakule mokwanira

Kwa zaka zambiri ankaganiza kuti COPD imabwera pokhapokha FEV1 ikamatsika mothamanga. Mu 2015 Peter Lange ndi anzake anaphatikiza magulu atatu a anthu otsatiridwa kwa zaka zoposa 20, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka la odwala anali ndi mapapo abwino asanafike zaka 40 kenako n'kumataya mamililita 53 pachaka. Theka linalo linayamba ndi mapapo ochepa mphamvu n'kumangotaya mamililita 27, omwe ndi ofanana ndi a munthu aliyense. Anafika pamatenda chifukwa anayambira pansi. Majini ambiri opezeka m'kafukufuku woyeza DNA ya anthu zikwizikwi uja ndi okhudza kapangidwe ka mapapo, ndipo izi zikugwirizana. Koma kukula kwa mapapo sikudalira majini okha: kubadwa masiku asanakwane, mayi kusuta ali woyembekezera, chibayo ndi mphumu paubwana, utsi wa nkhuni ndi makala m'nyumba, TB ndi HIV zonse zimasiya chizindikiro. Wachinyamata woyamba kusuta ali ndi zaka 14 amadula kukula kwa mapapo amene sanafike n'komwe pachimake.

Kuyezetsa: ndani, motani, ndi pamene pamalakwika

Kuyezetsa kwa majini kumene kuli ndi ntchito kuchipatala lero ndi kwa alpha-1 antitrypsin. WHO inalangiza mu 1997 kuti aliyense wopezeka ndi COPD ayezedwe kamodzi, ndipo malangizo a GOLD, amene madokotala ambiri amatsatira, amanena chimodzimodzi. Kufunikako kumakula ngati munthu wadwala asanafike zaka 45, ngati anasuta pang'ono kapena sanasutepo, ngati sikani ikuonetsa emphysema kumunsi kwa mapapo, ngati ali ndi vuto la chiwindi losadziwika chiyambi chake, kapena ngati m'banjamo muli ena odwala mapapo kapena chiwindi akadali aang'ono.

Poyamba amayeza kuchuluka kwa puloteniyo m'magazi. Ikapezeka yotsika, kapena ngati pali chifukwa chokayikira, amayeza mtundu wake kapena DNA. Cholakwika chofala chili pa gawo loyambalo. Alpha-1 antitrypsin imakwera thupi likatupa kapena likamalimbana ndi tizilombo, komanso mwa mayi woyembekezera ndi womwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen. Wa MZ kapena SZ akayezedwa ali m'kati mwa chibayo akhoza kuoneka ngati ali bwino. Ndi bwino kuyeza munthu atachira, kapena kuyezera limodzi CRP, yomwe imaonetsa ngati m'thupi muli kutupa. Njira zambiri zoyeza DNA zimangofufuza S ndi Z, moti ngati puloteni ndi yotsika kwambiri koma zotsatira zikuti MM, jini yonse iyenera kuwerengedwa kuti mitundu yosowa ija ipezeke. Cholakwika china ndi kuchedwa. Chifukwa odwalawa amakhala achinyamata, ambiri amauzidwa kuti ndi mphumu, ndipo pamadutsa zaka zoposa 5 asanadziwe vuto lenileni.

Wina akapezeka ndi ZZ, oyamba kuyezedwa ndi abale ake obadwa nawo. Ngati bambo ndi mayi onse ali MZ, mwana aliyense ali ndi mwayi umodzi pa 4 wokhala ZZ, iwiri pa 4 wokhala MZ, ndi umodzi pa 4 wokhala MM. Ana a munthu wa ZZ amatenga Z mmodzi ndithu, ndipo chinacho chimadalira kholo linalo. Wa ZZ amafunikanso kupimidwa chiwindi nthawi ndi nthawi, kupewa mowa ndi kunenepa kwambiri, komanso kulandira katemera wa matenda a chiwindi a mtundu wa A ndi B kuphatikiza pa wa chimfine ndi chibayo.

Zotsatira za MM sizipereka chilolezo chosuta, popeza odwala COPD ambiri ndi a MM. Ndipo kusiya kumathandiza mosayang'ana majini. Mu kafukufuku wa Lung Health Study ku America ndi Canada, wa osuta pafupifupi 5,900 amene mapapo awo anali atayamba kale kutsekeka, amene anasiyiratu ankataya FEV1 pa liwiro lokwana pafupifupi theka la amene anapitiriza.

Kwa a ZZ amene ali kale ndi emphysema pali chithandizo chobwezeretsa puloteniyo. Imatengedwa m'magazi a anthu opereka magazi, n'kulowetsedwa kudzera mu dilipi, mamiligalamu 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kamodzi pa mlungu kwa moyo wonse. Ku America chinavomerezedwa mu 1987. Kafukufuku wa RAPID, wofalitsidwa mu 2015, anaonetsa pa sikani kuti chimachedwetsa kutha kwa mnofu wa mapapo, ngakhale sanaonetse kusintha pa FEV1 kapena pa kuchuluka kwa nthawi zimene matenda amakula mwadzidzidzi. Sichibweza timatumba tong'ambika, sichithandiza chiwindi, ndi chodula moti mayiko ambiri sachipereka, ndipo a MZ sapatsidwa. Amene akusutabe sapatsidwanso, chifukwa utsi ungafooketse puloteni ya mu dilipiyo monga mmene umafooketsera yachibadwa.